Blouberg, Maiden's Cove, Chapman's Peak kapena Kogel Bay: phiri ndi nyanja zimajambulika bwino pati?

Zithunzi zambiri za mapiri a ku Cape Town zomwe abale athu okhala kumeneko amatumiza zimagwa pa vuto limodzi. Thambo limakhala lofiira psuu, nyanja ikunyezimira, koma phiri lenilenilo, lomwe munthu anakwerera basi kukaliona, langoti bii, lopanda nkhope. Ena amathamangira kunena kuti foniyo ndi yotchipa. Si foni ayi. Wojambulayo anaima moyang'anizana ndi dzuwa, ndiye mbali ya phiri yomwe inali kumaso kwake inali mumthunzi. Mutam'patsa kamera ya ndalama zankhaninkhani, akakaima pomwepo pa ola lomwelo adzabwera ndi mdima womwewo.

N'chifukwa chake pounika chithunzi cha phiri la m'mbali mwa nyanja, ine sindiyambira pa mitundu. Ndimayamba ndafunsa kuti dzuwa linali mbali iti. Likakhala kumbuyo kwa wojambula, phiri limawala lonse mofanana, mitundu imatuluka bwino, koma mithunzi imabisala kuseri kwa miyala ndipo phiri limaoneka lophwatalala. Likakhala kutsogolo, mumapeza thambo lokongola ndi phiri lakuda. Koma likakhala cha m'mbali, kudzanja lamanja kapena lamanzere, litatsika m'munsi, nthiti iliyonse ya phiri imawala mbali imodzi n'kuda mbali inayo, ndipo diso limamva lokha kuti apa patukuka, apa palowa. Ine ndili kumbali ya kuwala kwachitatuku ndipo sindibisa. Kwinako kuli ndi ntchito yake, tikufika, koma ndi yochepa kusiyana ndi momwe anthu amakugwiritsira.

Ku Cape Town funsoli lili ndi mayankho awiri pa chaka. Mzindawu uli pa madigiri 34 kum'mwera kwa equator, choncho masana dzuwa limadutsa chakumpoto nthawi zonse. Mu June limatuluka cha m'ma 7:50 m'mawa, chakumpoto kwa kum'mawa, n'kukalowa cha m'ma 5:45 madzulo chakumpoto kwa kumadzulo. Mu December limatuluka cha m'ma 5:30, chakum'mwera kwa kum'mawa, ndipo 8 koloko madzulo imatsala pang'ono kukwana lisanalowe, chakum'mwera kwa kumadzulo. Malo olowera amasuntha pafupifupi madigiri 28 mbali iyi ndi 28 mbali inayo. Ndiye malo omwe anapatsa mnzanu chithunzi chabwino mu July akhoza kukupatsani inu mdima mu January, ngakhale mutaponda m'mapazi mwake.

Bloubergstrand

Apa ndi pomwe pamachokera chithunzi cha pa makalendala chija: Devil's Peak kumanzere, Table Mountain pakati ndi mutu wake wosalala, Lion's Head kumanja. Bloubergstrand, kapena Blouberg mwachidule, ili kumpoto kwa mzinda, tsidya lina la Table Bay. Kwa okhala ku Dunoon kapena ku Table View ndi pakhomo penipeni, ndipo mabasi a MyCiTi amafika dera limeneli. Mukaima pamchenga mumayang'ana kum'mwera, ndipo nkhope ya phiri yomwe mukuiona yapenya kumpoto, komwe dzuwa limadutsa. Ndi mwayi, koma wa theka la chaka basi.

M'miyezi yozizira, kuyambira May mpaka August, dzuwa limatulukira kumanzere kwanu chakumbuyo pang'ono n'kumenya nkhope ija mopendekera. Platteklip Gorge, chigwembe chachikulu chomwe chang'amba phiri pafupi ndi pakati, chimatuluka mzere wakuda wooneka bwino, ndipo mizere yopingasa ya thanthwe imawerengeka. Miyezi yomweyi ndi yamvula kumeneko. Tsiku lotsatira mvula itadutsa, mpweya umakhala wotsukika, utsi wa mumzinda wachoka, phiri limaoneka layandikira. M'mawa wotere ndi womwe ine ndingauike pamwamba pa nthawi zonse za pa Blouberg. Madzulo a miyezi yomweyi kuwala kumachokera kudzanja lamanja, nakonso sikukhumudwitsa.

Koma anthu ambiri amapitako mu December ndi January, pa tchuthi, madzulo. Nthawi imeneyo dzuwa limalowera m'nyanja kumanja kwa Lion's Head, chakutsogolo kwanu, ndipo nkhope yonse ya phiri imakhala italowa kale mumthunzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa kudekha sikuthandiza, chifukwa dzuwa silibwerera mbali yomwe mukufuna mpaka nyengo itasintha. Pamwamba pa zimenezo pali mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa yomwe amaitcha Cape Doctor. Imaulutsa mchenga wolasa m'miyendo, imagwedeza tripod (miyendo itatu yokhazikapo kamera), ndipo tinthu ta mchere timadzaza pagalasi la lenzi musanajambule n'komwe.

Sindikunena kuti chilimwe chilibe chake. Mphepo yomweyi ndi yomwe imakankhira mpweya wachinyezi pamwamba pa phiri n'kuyala mtambo woyera uja wotchedwa tablecloth, womwe umatsikira m'mphepete n'kumasungunuka usanafike pansi. Dzuwa likamalowa mtambowo umatenga mtundu wapinki. Chimenecho ndi chithunzi chenicheni, koma mwini wake ndi mtambo, osati phiri. Wojambula akadziwa zimenezi amayeza kuwala pa mtambopo kuti usapsere, n'kulola phiri lide. Wosadziwa amafuna zonse ziwiri, amakawalitsa phiri pa kompyuta, ndipo limatuluka lotuwa, lodzaza timadontho.

Vuto lina la pa Blouberg ndi mtunda. Phiri lili kutali makilomita opitirira 15. Mukagwiritsa lenzi yotambasula kwambiri, monga ya 16mm kapena 0.5x ya pa foni, phiri la mamita 1,086 limasanduka kamzere kopyapyala pakati pa thambo lalikulu ndi mchenga wambiri wopanda nkhani. Ndaona zithunzi zomwe mwala wa pafupi, woti mwana angaudumphe, ukuoneka waukulu kuposa Table Mountain. Lenzi ya pakati pa 50mm ndi 100mm, kapena 2x ndi 3x pa foni, imabwezera phiri ulemu wake. Chakutsogolo musafune zambiri. Mchenga wonyowa womwe funde langousiya kumene umatenga mtundu wa thambo, nthawi zina ndi chithunzithunzi cha phiri lomwe, kwa masekondi ochepa usanaume. Miyala yakuda ya ku Small Bay imathandizanso ngati mizere yake ikulozera kuphiri, osati kunja kwa chithunzi.

Maiden's Cove ndi Twelve Apostles

Maiden's Cove ili pakati pa Clifton ndi Camps Bay. Pali poimika galimoto, maiwe osambira omangidwa m'miyala, malo owotchera nyama, ndi miyala ikuluikulu yozungulira ya granite. Mukayang'ana kum'mwera mumaona mzere wa zitunda zotchedwa Twelve Apostles, ngakhale mukaziwerenga zimaposa 12, zikutsatizana m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Kusiyana kwake ndi Blouberg n'kwakuti apa phiri lili pafupi, limadzaza chithunzi lokha popanda kulikoka ndi lenzi yaitali.

M'mawa musavutike. Zitundazi zapenya kumadzulo, dzuwa limatulukira kuseri kwake, ndipo mumangopeza thambo loyera mbee pamwamba pa khoma lakuda. Nthawi yake ndi ola lomaliza dzuwa lisanalowe, pomwe thanthwe lotuwa la sandstone limayamba kusanduka lachikasu, kenako lofiirira. Pa ola limeneli pa Maiden's Cove pamachitika chinthu choseketsa. Anthu amadzaza pamiyala, mafoni onse m'mwamba, onse ataloza kunyanja komwe dzuwa likumira, pomwe chionetsero chenicheni chili kudzanja lawo lamanzere. Dzuwa lolowa m'madzi mungalijambule pa gombe lililonse lopenya kumadzulo padziko lapansi. Zitunda zoyaka moto zija zili pamenepo pokha.

Nyengo imasinthanso zinthu apa, koma mosiyana ndi ku Blouberg. Mu June dzuwa limakhala kumbuyo kwa phewa lanu lamanja, ndipo limawalitsa nkhope za zitunda ndi m'mbali mwake momwe. Mtundu umakhala wokoma koma zigwembe za pakati pake sizida mokwanira. Mu December limakhala chakutsogolo kudzanja lamanja, mithunzi imakula kwambiri, ndipo mukapanda kutchinga lenzi ndi dzanja kuwala kumalowa n'kuchititsa chithunzi chonse khungu. Pakati pa ziwirizi pali March, April ndi September, pomwe dzuwa limalowa pafupi ndi kumadzulo kwenikweni, m'mbali mwanu ndendende. Chitunda chilichonse chimapatukana ndi chinzake, chowala, mdima, chowala, mdima, mpaka kutali. Mu April mphepo ija imakhalanso itayamba kugona. Wina atandifunsa kuti ndisankhe malo amodzi ndi mwezi umodzi, ndinganene Maiden's Cove mu April.

Chovuta apa ndi mudzi. M'munsi mwa phiri muli nyumba zoyera za Camps Bay, mahotela, migwalangwa ya m'mbali mwa Victoria Road ndi magalimoto. Pali njira ziwiri, ndipo zonse ndi zachilungamo. Yoyamba ndi kuvomereza kuti mudzi ulipo n'kuugwiritsa ntchito: nyumba zing'onozing'ono zija ndi zomwe zimauza diso kuti phirili ndi lalitali bwanji, ndipo mukadikira mphindi 15 kapena 20 dzuwa litalowa, magetsi amayaka thambo lisanade, kuwala kwa pansi ndi kwa kumwamba kumalingana. Pamenepa pamafunika tripod kapena mwala woti mukhazikepo kamera. Yachiwiri ndi kutsetserekera kum'mwera, kudutsa Bakoven kulowera ku Oudekraal, komwe nyumba zimatha n'kutsala miyala, tchire la fynbos ndi madzi. Chomwe chimaononga zithunzi ndi kukhala pakatikati: denga limodzi lodulidwa theka pakona, kapena mutu wa galimoto ukusuzumira pansi. Woona amadziwa kuti wojambula anafuna kubisa mudzi koma sanasunthe mapazi.

Pamwamba pa Lion's Head, mamita 669, pamaonekanso zitunda zomwezi kuchokera m'mwamba, pamodzi ndi gombe lonse la Camps Bay. Kuwala kwake ndi kwa madzulo komweko. Koma kukwera kumatenga ola kapena kupitirira, chakumapeto kuli maunyolo ndi makwerero, anthu amachuluka, ndipo mukadikira kuwala kwabwino ndiye kuti mutsika kutada. Pitani pagulu, ndi tochi.

Chapman's Peak

Msewu uwu umachokera ku Hout Bay kukafika ku Noordhoek, makilomita 9 okhala ndi makona 114, ndipo unamangidwa pakati pa 1915 ndi 1922. Anausema potsata pomwe granite ya pansi imakumana ndi miyala yosanjikizana ya pamwamba, ndipo miyala ya pamwambayo ili ndi mizere yofiirira yomwe imayaka kwambiri dzuwa likapendeka. Ndi msewu wolipira, ndipo nyengo ikaipa amautseka poopa miyala yogumuka, choncho funsani kaye musananyamuke. Okhala ku Imizamo Yethu ali nawo mbali imodzi, a ku Masiphumelele mbali inayo.

Apa mumajambula muli m'mwamba, ndipo zimenezi zimakupatsani china n'kukulandani china. Mumaona maonekedwe onse a doko la Hout Bay, kupindika kwa gombe, ndi phiri la Sentinel litaweramira kunyanja pakhomo pake. Koma mafunde amatha mphamvu. Funde lomwe pagombe likanakuthawitsani, kuchokera pamsewu limangooneka kamzere koyera. Amene akufuna ukali wa nyanja asabwere kuno.

Malo ano ndi omwe ndimalolera kuwala kochokera kutsogolo. M'miyezi yozizira dzuwa limatsikira cha komwe kuli Sentinel, ndipo phirilo limada lonse. Koma Sentinel ili ndi thupi loti ngakhale itada mumaizindikira, mphuno yake yosongoka itapachikika pamwamba pa madzi owala. Muyeso wanga wa phiri lakuda m'chithunzi ndi womwewu: mutalidula ndi sizasi n'kuliika papepala loyera, kodi munthu angadziwe kuti ndi phiri liti? Sentinel imapambana. Lion's Head imapambana. Twelve Apostles zikada zimangokhala chigulu chimodzi chosadziwika mutu wake.

Ndi panonso pomwe dzuwa la paliwombo, lomwe ojambula amadana nalo, lili ndi ntchito. Kuwala kukamagwa kuchokera pamwamba kumalowa m'madzi, ndipo kuchokera pamsewu mumaona madzi obiriwira a pamchenga, akuda a pomwe pali zomera za m'nyanja zotchedwa kelp, ndi abuluu a pakuya. Fyuluta ya polariser imachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi n'kuonetsa mitundu imeneyi. Muchepetse thambo, mudzaze chithunzi ndi madzi ndi phompho. Ndipo ngati msewu ukuoneka, dikirani galimoto imodzi kapena wapanjinga mmodzi afike pakona. Popanda iye phompho la mamita mazana limaoneka ngati khoma la m'mbali mwa msewu wina uliwonse. Imani pamalo okhawo omwe anakonzera kuimapo, msewuwo ndi wopapatiza.

Kogel Bay

Iyi ndi ya amene ali ndi galimoto ndi tsiku lonse. Ili kum'mawa kwa False Bay, pa msewu wa R44 wotchedwa Clarence Drive, pakati pa Gordon's Bay ndi Rooi-Els, ulendo wa pafupifupi ola kuchokera pakati pa mzinda. Mapiri a Kogelberg amatsika mpaka kufika pamchenga, nyumba palibe zoti n'kukusokonezani, ndipo gombe lapenya kumadzulo, ndiye nthawi yake ndi madzulo. Pa malo onse anayi ndi pano pokha pomwe lenzi yotambasula imagwira ntchito yake bwino, chifukwa phiri lili pafupi moti ngakhale pa 16mm limakhalabe lalikulu, ndipo funde lobwerera limajambula mizere yoyera yolozera komweko. Mtengo wake ndi wakuti madzi a pano ndi oopsa, amakoka, ndipo dzuwa likalowa malowa amakhala zii. Anyani nawonso alipo, chikwama cha chakudya musachisiye pamwala.

Madzi, mzere wa nyanja ndi thambo

Malo mwasankha, ola mwasankha. Zotsala ndi zomwe zimachitika m'manja mwanu, ndipo choyamba ndi chophweka mochititsa manyazi: mzere womwe nyanja imakumana ndi thambo ukhale wowongoka. Phiri likhoza kupendekeka pang'ono munthu osazindikira, koma nyanja yopendekeka imaoneka ngati ikukhuthukira kunja kwa chithunzi. Mafoni ambiri ali ndi timizere tothandiza pa zimenezi, mutiyatse. Za komwe mzerewo ukhale, lamulo lotchuka limati ugawe chithunzi patatu, osauika pakati. Ndi poyambira pabwino, koma funso lenileni n'lakuti nkhani ili kuti. Thambo likakhala lopanda mtambo ndi umodzi womwe, monga limakhalira masiku ambiri a January, lipatseni kachigawo kochepa. Mitambo ya mvula ikamabwera kuchokera kumpoto chakumadzulo mu July, ipatseni malo. Ndipo pomwe mchenga wonyowa watenga chithunzithunzi cha phiri, mzere wa pakati penipeni ndi wolondola, lamulo likhale apo. Chinanso, siyani mpata pamwamba pa nsonga. Phiri logunda denga la chithunzi limasowetsa mtendere.

Pa madzi pali njira zitatu, ndipo apa ndi pomwe ojambula amakangana kwambiri. Shutter (chitseko cholowetsa kuwala m'kamera) yothamanga, 1/500 ya sekondi kapena kuposa, imaumitsa funde lili m'mwamba, dontho lililonse likuoneka. Imakhala bwino funde likamaswa mwala, koma pagombe losalala imabweretsa zinthu zambirimbiri zomwe zimalanda diso kuphiri. Yochedwa kwambiri, masekondi 30 ndi fyuluta yakuda ya ND, imasandutsa nyanja kukhala phala losalala. Anthu amaikonda chifukwa imaoneka yaukatswiri, ndipo nthawi zina imathandiza phiri kuima lokha popanda chopikisana nalo. Koma Atlantic ya ku Cape ndi nyanja yolusa, yozizira, ndipo kuigoneka chonchi pa chithunzi chilichonse ndi kuinamizira. Ine ndimakonda ya pakati, kuyambira 1/4 ya sekondi mpaka sekondi imodzi. Madzi amaoneka kuti akuyenda koma thupi lawo likadalipo. Chinsinsi chake ndi kudina funde likamabwerera, osati likamabwera: thovu limakokeka pakati pa miyala n'kusiya mizere yomwe imatengera diso kunyanja kenako kuphiri. Ikani ISO (muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala) pa 100, chibowo cha lenzi pa f/8 kapena f/11, ndipo miyendo ya tripod muikanikize ilowe mumchenga, apo ayi funde likadutsa pansi imamira pang'onopang'ono chithunzi n'kugwedera.

Amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi tili ndi chinthu chimodzi choti tiphunzire mwatsopano. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Ku Cape Town kusiyana kwake sikufika mamita 2, koma n'kokwanira kuti mwala womwe munauona dzulo uli poyera lero ukhale pansi pa madzi, kapena kuti njira yomwe munadzera pokaima pathanthwe itsekeke kumbuyo kwanu. Onani ndondomeko ya madzi pa intaneti musanapite, ndipo musafulatire nyanja mukakhala pamiyala yonyowa.

Nkhani yomaliza ya m'manja ndi ya thambo lowala kwambiri pamwamba pa phiri lakuda. Kale ojambula ankadalira fyuluta yoda kumtunda n'kuyera kumunsi. Pa nyanja yokha imagwira bwino popeza mzere ndi wowongoka, koma phiri likatulukira pamwamba pa mzerewo fyuluta imadetsa nsonga yake, ndipo mumapeza phiri lowala m'miyendo lakuda kumutu, chinthu chomwe dzuwa lolowa silichita, chifukwa kuwala komaliza kumatsalira kunsonga. Njira yachiwiri ndi kujambula katatu osasuntha kamera, chakuda, chapakati ndi chowala, n'kuziphatikiza pa kompyuta. Imapereka zotsatira zabwino koma mafunde amakhala atasuntha, ndiye madzi muwatenge pa chithunzi chimodzi chokha. Yachitatu ndi HDR, pomwe foni imachita yokha kuphatikiza kumeneku. Pounika, yang'anani m'mphepete mwa phiri pomwe lakhudzana ndi thambo. Mukaona kamkombero koyera kakutsata nsonga zonse, dziwani kuti makina kapena dzanja lapyola muyeso. Yang'ananinso mithunzi: ngati m'zigwembe mukuoneka chilichonse mofanana ndi pamalo owala, kuwala kwa m'mbali komwe munthu anakudikirira ola lathunthu kwafafanizidwa ndi iye mwini. Kamera yomwe imajambula RAW (chithunzi chosakonzedwa ndi kamera), mukayeza kuwala kuti mitambo isapsere n'kudzakweza mithunzi pang'ono chabe, nthawi zambiri imakwanitsa ndi chithunzi chimodzi. Polariser nayo samalani nayo pa lenzi yotambasula: imadetsa thambo mbali imodzi n'kusiya inayo, pakati n'kutsala chibanga chabuluu.

Kwa munthu wogwira ntchito sabata yonse, wokhala ndi Lamulungu limodzi ndi foni m'thumba, kusankha kumatengera mwezi. Kuyambira May mpaka August, dzukani mupite ku Blouberg, ubwino wake dzuwa limachedwa kutuluka ndiye simufunika kulawira usiku. Mu March, April ndi September sungani madzulo anu ku Maiden's Cove. Mu December ndi January, pomwe mphepo yakwiya ndipo thambo lili mbee, Chapman's Peak masana idzakupatsani mitundu ya madzi yomwe malo enawo sangakupatseni pa ola limenelo. Mukafika kunyumba pukutani lenzi ndi kansalu kofewa, mchere ukauma pagalasi umachititsa zithunzi za mawa lake kuoneka za nkhungu.

Nsonga yapamwamba kwambiri ya Table Mountain imatchedwa Maclear's Beacon, potengera Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape yemwenso David Livingstone anatenga dzina lake potcha Cape Maclear ya ku Mangochi. Ndipo funso la dzuwa lija mukabwera nalo kunyanja yathu, yankho limatembenuka. Gombe lalikulu la mbali ya Malawi lapenya kum'mawa, choncho mapiri a ku Chiweta, a ku Chitimba m'munsi mwa Livingstonia ndi a ku Usisya amawala m'mawa, nthawi yomweyo yomwe aliyense walozetsa foni kumadzi kujambula dzuwa likutuluka. Imani pomwe gombe lapindika kuti muone phiri cha m'mbali, ndipo fulumirani, chifukwa kwathu dzuwa limakwera mowongoka ndipo kuwala kofewa sikukhalitsa ngati ku Cape. Cape Maclear ndi imodzi mwa malo ochepa openya chakumadzulo, komwe zilumba za Thumbi ndi Domwe zimada bwino madzulo. Mwezi nawo musankhe: kuyambira September mpaka mvula itagwa utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri akutali, pomwe mu April ndi May mpweya umakhala woyera ndipo mapiri akadali obiriwira.